Mipando Iwiri ya a Singano

Alamu anga, amene anakwatira mlongo wanga wamkulu, anthu amawatcha a Singano. Akhala akusoka mipando ya galimoto kuyambira ali mnyamata, ndipo chala chawo chachikulu chinachita chipsera cholimba ngati nyanga. Kwa zaka khumi ndi zinayi ankagwira ntchito pamalo ena ogulitsira galimoto zakale, m'kachipinda ka malata kuseri kwa ofesi.

Mwini malowo atamwalira, bizinesi inatsala m'manja mwa mwana wake. Bwana watsopanoyo anabweretsa mipukutu ya pulasitiki wonyezimira, wooneka ngati chikopa.

"Madala, muzivula nsalu zong'ambikazi n'kuveka uyu. Wogula akafunsa, ndi chikopa chenicheni."

"Kusoka ndisoka," anatero alamu. "Koma munalemba ntchito manja angawa. Pakamwa mpanga."

Bwanayo anangoseka, kuyesa nthabwala za okalamba.

Patapita masabata awiri kunabwera mayi wina, mphunzitsi, kufuna galimoto yoti azinyamulira bambo ake odwala miyendo popita kuchipatala. Bwana anamuonetsa yofiira, uku akusisita mpando. Mayiyo anaona alamu akudutsa ndi sizasi m'manja, nawaitana.

"Bambo, inu ndinu odziwa. Chikopa ndi nsalu, chabwino n'chiti kwa munthu wodwala?"

Alamu anadziwa kuti ntchito yawo ili pa yankho limenelo. Sanayang'ane n'komwe kwa bwana.

"Mayi, chikopa n'chosavuta kusamala. Tiyi akatayikira, mumangopukuta ndi kansalu konyowa. Koma chimafuna kupaka mafuta, apo ayi chimachita ming'alu ngati chidendene. Galimoto ikakhala padzuwa chimawotcha ntchafu, m'mawa chimazizira. Nsalu siwotcha, ndipo wodwala satererapo. Vuto lake imamwa chilichonse, thukuta, fumbi, ngakhale fungo. Imafuna burashi, sopo ndi tsiku lathunthu zitseko zili pululu. Kwa bambo anuwo, tengani ya nsalu, muziyalapo thaulo."

"Nanga ichi ndi chikopa cha mtundu wanji?"

"Ichi sichinayendepo ndi miyendo inayi. Ndi pulasitiki, ndasoka ndekha Lachiwiri. Chilimwe chimodzi chokha ayamba kusupuka."

Mayiyo anathokoza n'kutuluka pageti. Dzuwa lisanapendeke, alamu anali panjira, makina awo osokera ali pawilibala.

Mlongo wanga atamva zomwe zinachitika analusa. "Inu bambo ake a ana, simukanangotsokomola n'kudutsa?"

"Chifuwa ndinalibe," anayankha motero, akutsitsa makinawo pakhonde.

Miyezi yoyamba inali yowawa, sindibisa. Ndinaona ndi maso anga mlongo wanga akusoka zigamba za anthu kuti pakhomo papezeke mchere. Alamu anaika mipando iwiri yakale pabwalo, wa chikopa ndi wa nsalu, pamtetete padzuwa. Aliyense wobwera ndi galimoto kudzasoketsa mipando amayamba wakhala pa yonse iwiri, kenako n'kusankha yekha. Ena amanyamuka pa wachikopa mofulumira kuposa mmene anakhalira. Pang'onopang'ono oyendetsa matakisi anayamba kuuzana.

Chaka chatha bwana uja anafika pakhondepo. Telala amene anamulemba m'malo mwa alamu ankasoka zokhota, misoko n'kumaphulika galimoto isanagulidwe.

"Madala, zakale zinapita. Bwererani Lolemba."

"Ndibwera," anatero alamu, osaimitsa makina. "Koma wogula akandifunsa, ndinenanso."

Bwanayo anaima kanthawi, akuseweretsa makiyi. Kenako analowa m'galimoto yake n'kumapita. Alamu ananyowetsa ulusi ndi malovu, naulowetsa pa singano.