Chifuwa cha Lazalo

Ayi, sanali matenda. Lemba choncho, Mese mdzukulu wanga, usasiyeko kanthu. Tisiyenji mwana wanga, wafunsa ngati malemu atate ako anabadwa nacho chifuwa chija chotsokomola kawiri asanalankhule. Sanabadwe nacho. Anachitola kumsewu, ine mlongo wawo ndilipo.

Ndikukumbukira nthawi imene ankathira tala pamsewu waukulu uno wopita ku Chipata. Ine mano akutsogolo anali atangoguluka, atate akowo, Lazalo, mawu atayamba kumene kukula. Anthu a msewu anamanga kampu kufupi ndi munda wathu, mudzi wonse kununkha tala. Pakati pawo panali bambo wina wowonda, chipewa chopendekera ku khutu, ankamutchula ba Fosholo chifukwa cha ntchito yake. Pa Sondo masana ankakhala pa diramu ndi banjo yake, nkumaimba za matuza a m'manja, za mkazi wake amene anamusiya kwawo, mwina kunyoza kapitawo, kapitawoyo ali pompo akuseka. Fumbi linali litamudya m'chifuwa. Ndiye asanayambe nyimbo iliyonse, kho, kho, kenako mawu nkutuluka, osalala ngati si munthu yemweyo.

Lazalo anapenga naye. Mbuzi tinkazimangirira pachitsamba, ife uyo ku kampu. Anayamba kuyenda ngati ba Fosholo, chipewa chakale cha atate nkuchipendeketsa. Anapanga banjo yakeyake ndi chigubu cha mafuta ndi mawaya a mabuleki a njinga, nkumaibisa m'mphako ya mlambe, chifukwa atate athu anali mkulu wa mpingo, kwa iwo banjo inali ya kumowa. Kumlambeko iye ankayambitsa, ine ndinkavomera ndi mano anga operewerawo. Sindinakondwepo choncho moyo wanga wonse, ngakhale pa ukwati wanga. Zimenezo usalembe, Mese. Chabwino, lemba, agogo ako aamuna anapita kale.

Manje vuto linali lakuti Lazalo anatengera ndi chifuwa chomwe. Kwa iye nyimbo inkayambira pamenepo. Pofuna kupempha mchere, kho, kho. Popemphera, kho, kho. Amai anamuphikira mizu yowawa, iye kumamwa chabe. Mwezi utatha atate anatikweza pa njinga kupita kuchipatala ku Mpanshya, Lazalo pa kaliyala, ine pa feremu popeza ndinali ndi chilonda pamwendo.

Ba Sisita anamumvetsera pachifuwa, kumsana, osapeza kanthu. Anati atsale masiku angapo amuone bwino. Pa tebulo panali jakisoni wamkulu m'mbale yachitsulo, kaya anali wa ndani. Ine ndinaganiza kuti amubaya, amutsekera m'menemo, sabweranso. Ndinalira nkunena kuti, "Sadwala, akungotsanzira ba Fosholo. Ali ndi banjo kumlambe."

Ba Sisita anaseka mpaka kupukuta misozi. Atate sanaseke. Njira yonse yobwerera kunkangomveka tcheni cha njinga.

M'mawa mwake atate anandiuza kuti nditsogole kumlambe. Ndinatsogola, mwana wanga, ndi miyendo yangayi. Banjo anaiwaza ndi nkhwangwa Lazalo akuona, mawaya nkukamangira chitseko cha khola la nkhuku. Ndipo wotsegulira nkhuku tsiku lililonse ndinali ine. Ndikakhudza chitsekocho waya umodzi unkalira, ting, Lazalo nkutembenuka kulikonse kumene ali.

Sanandimenye. Bola akanandimenya. Anangondiuza kuti, "Esinala, ukanawasiya andibaye." Basi.

Ba Fosholo anawatengera kwawo akudwala mvula isanagwe, tinangomva kuti sanachire. Kampu itasamuka, Lazalo anakwera lole ya ku Lusaka. Kuno anabweranso kawiri chabe, pa maliro a amai ndi pa maliro a atate. Tinkapatsana moni ngati apongozi. Ndinkati ndimupepesa mawa, mawa, mpaka foni yako ija yondiuza kuti mwawaika.

Wanena kuti sunawamvepo akuimba, ngakhale kutchalitchi ankangogwira buku. Mawu amenewo andisowetsa mtendere sabata yonse. Atate ako anali woimba, Tisiyenji. Nthawi zonse zimene unkawamva akutsokomola kawiri, inali nyimbo ikufuna kutuluka, iwo nkuimeza, nkukuuza kuti tseka chitseko kapena bweretsa madzi.

Masiku ano ana mumayenda ndi timawaya m'makutu, aliyense ndi woimba wake, mpaka kumeta ngati iyeyo, palibe amene amakutengerani kuchipatala. Mese uyu anafufuza ba Fosholo m'foni mwake, akuti mulibe. Angakhalemo bwanji? Anthu amene anasunga nyimbo zawo tinali awiri. Mbali yanga yovomera ndikali nayo yonse, koma woyambitsa palibe.

Mlambe uja ulipo. Tikakolola ubwere, utsikire pa Rufunsa, Mese adzakuchingamira. Ndidzakuimbira theka langalo, theka lina udzaliganizire wekha ndi mawu a atate ako. Maso anga saonanso bwino, ndiye ukafika pakhomo usachite odi. Ungotsokomola kawiri, ndidzadziwa.

Walemba zonse, Mese? Usandiwerengere, ndingasinthe maganizo. Tumiza manje manje, netiweki isanathawe.