Chifalansa cha Amake Keziah

Ku Kanakantapa mukafunsa za Amake Keziah, anthu amakuuzani ziwiri: amalima tomato wabwino, ndipo ana awo sapita kusukulu. Sukulu ili kutsidya kwa mtsinje, mvula ikagwa sawoloka, choncho mayiwa anaika bolodi pansi pa mtengo wa mango. Masamu m'mawa, Baibulo dzuwa likakwera. Lamulo la pakhomopo n'lodziwika mudzi wonse: asanatenge chakudya, mwana aliyense anene vesi lake. Ngakhale amuna awo, Ba Lazarous, akuti anagonapo ndi njala chifukwa cha Habakuku.

Mu 1996 mlongo wa mayiwa, Jonas, woyendetsa malole a ku Zaire, anafika ndi kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi, dzina lake Clotilda. Mayi a mwanayo anali atamwalira ku Likasi.

"Ni wanga uyu, ba sisi. Musungeni. Akamba chabe Chifalansa na Chiswahili."

Loleyo inapita, mwana n'kutsala. Samalankhula. Choopsa kwambiri, samadya. Nthawi ya chakudya ankayang'ana pakamwa pa anzake, mmodzimmodzi, kenako n'kubisa manja m'diresi. Ankangomwa madzi ndi kutola timango togwa. Mikono inayamba kuonda.

"Azafera m'manja mwanu uyu," anatero Ba Mavis oyandikana nawo, amene sachedwa kutonthoza munthu. "Jonas muzamuuza chani?"

Amake Keziah anayamba kusaka Chifalansa ngati mankhwala. Mphunzitsi wina wopuma wa ku Chalimbana anawabwereka buku lothothoka chikuto, koma linkaphunzitsa kugula tikiti ya sitima. Wayilesi inkagwira Chifalansa pokhapokha Ba Lazarous atakwera nayo pachulu, ndipo inkangonena za nkhondo. Mayiwa anafika pomuwerengera mwanayo zolemba za Chifalansa za pachitini cha mafuta ophikira. Mwana anangowayang'ana, maso atalowa.

Pomaliza anakwera minibasi kupita ku Kasisi, kumene sisitere wina anawapatsa Chipangano Chatsopano cha Chifalansa. Anachiika pambali pa Baibulo lawo la Chinyanja, chala uku chala uku, mpaka anapeza pemphero la Ambuye mu Mateyu.

Masana amenewo mbatata zili pamphasa, ana ananena mavesi awo monga mwa masiku onse. Itafika nthawi ya Clotilda, mayiwa anatsegula bukulo nayamba kuwerenga chilembo chilichonse monga chinalembedwera. Ba Mavis, amene ankamvetsera kuseri kwa mpanda, amalumbira kuti nkhuku zinathawa.

Mwana anadzutsa mutu. Pamzere wachiwiri anakwinya nkhope. Pawachitatu sanapirire: analanda pempherolo n'kulithamangitsa yekha mpaka ameni, mawu akutuluka ngati madzi a pampopi. Atatha anayang'ana azakhali akewo, kenako mbale.

"Tenga, mwanawe. Idya!"

Anatenga mbatata ziwiri, imodzi dzanja lililonse.

Apa m'pamene Amake Keziah anakhala pansi, atamvetsa zonse. Mwanayo anali ataona kuti pakhomo pano munthu amayamba walankhula kenako n'kudya, ndipo iye analibe choti anene chimene akanachimva.

"Lamulo lanu ili," anang'ung'udza Ba Lazarous.

"Imwe khalani chete. Mawa vesi yanu ni ya Chifalansa."

Mpaka lero, akuti, bambowa amadya pomalizira, Clotilda atawakonza kawiri.