Mkango Umene Unandidyera Chitupa

Tsikulo pa komboni yathu ku Concession, kumpoto kwa Harare, panali a Phiri oyendetsa thirakitala, a Banda ndi akazi awo, ineyo, ndi Yohane, loya wa ku Harare womenyera anthu obwera ziphaso. Inde, loya. Mwana wanga ameneyo, ndinamuphunzitsa ndi ndalama za fodya.

Anabwera kudzatithandiza kuti zitupa zathu zisiye kutitcha alendo. Anati aliyense wobadwira m'dziko muno, ngakhale makolo ake ndi a ku Malawi, ndi nzika, ndipo nkhani yake njosavuta.

Atafika pa ine, cholembera chili m'manja, anafunsa: "Baba, munabadwira kuti?"

Zoona zake ndinabadwira kuseri kwa balani ya fodya, papurazi, ndiye kuti pafamu pompano. Koma zaka zonsezi ndakhala ndikuwauza a Phiri pamowa kuti ndinachoka ku Dedza wapansi, n'kuthamangitsa mkango ndi nkhwangwa pa Zambezi. Ulendowo unali wa malemu bambo anga, ndipo iwo mkangowo anangoumva kubangula patali.

A Phiri anatchera khutu. Ine ndinayamba ndatsokomola.

"Ku Dedza," ndinatero, mokweza mpaka nkhuku zinabalalika.

Yohane anandiyang'ana, n'kutseka cholembera. A Banda, munthu amene sanaphepo ngakhale khoswe, pepala lawo linadzazidwa bwinobwino. Langa linabwerera m'chikwama lili mbee.

Ndinamuperekeza kokwerera basi. Basi itatulukira anandigwira dzanja, nati: "Baba, Loweruka ndibweranso. Mkangowo muumangirire kunyumba, mubwere nokha."