Mzungu wofuna makolo ake ku Walsall

Digiri ndinali nayo m'sutikesi, koma ntchito yanga inali yosambitsa nkhalamba m'nyumba ina yosungira okalamba ku Walsall, m'dziko la Angelezi. Mawindo ake ankatseguka pongokwana dzanja, ndipo chitseko chinkafuna nambala yachinsinsi. Okalambawo sankatuluka, ine ndinkatuluka kukagona basi n'kubweranso.

Mwa agogo amene ndinkawasamalira munali amayi amodzi aafupi, olongolola, amene pa utsikana wawo ankasoka zishalo za akavalo. Zaka zinayi zathunthu palibe anabwera kudzawaona.

Tsiku lina kunatulukira bambo wina wa ku Amereka, wamtali, wa jekete lofiira, fayilo ili m'khwapa. Anati agogo a agogo ake anachokera m'tauni yomweyi, ndipo dzina la banja lawo linali lofanana ndi la agogo athuwa. Ankagawa magazi ake ngati nyama ya pa ukwati: mbali iyi ya ku Ayalandi, iyi ya ku Jeremani, yotsalayi ya Angelezi. Ndinamufunsa ngati Chiamereka chokhacho sichimukwanira. Anaseka, amvekere kwawoko aliyense amafuna kudziwa kumene mtundu wake unachokera.

Apa mpamene ndinapalamula ine. Kwathu munthu akatchula mfunda wako, nkhani yatha, ameneyo ndi mbale. Adzabwera ukadwala, adzagona pa maliro ako. Ndiye ndinathamanga ndi pakamwa panga posatsekapa kukawanong'oneza agogo kuti, "Mbale wanu wabwera kuchokera ku Amereka, wakufunafunani mpaka wakupezani."

Anapesa tsitsi, napaka milomo. Bamboyo anakhala nawo ola limodzi, kufunsa mayina a anthu akufa ndi matchalitchi amene anabatizidwira, kulemba, kujambula chithunzi. Potsanzika anawapsompsona patsaya n'kunena kuti tsiku lina adzapite akaone Amereka. Anali mawu a pakhomo chabe, monga timanenera kuti mudzatiyendere. Agogo anawameza osatafuna.

M'mawa mwake ndinawapeza atalongedza chikwama, atavala chikhoti, ali phee pampando woyang'ana kumsewu. Madzulo ndinabwezera zovala m'kabati. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Abwana anandikalipira kuti ndawasokoneza mutu agogowo, ndipo poti woyambitsa ndine, ntchito yotsitsa katunduyo tsiku ndi tsiku ikhala yanga. Ndinamulembera kalata bamboyo. Patapita miyezi iwiri kunabwera khadi la Khirisimasi, la chithunzi cha banja lake ndi galu wawo, lopanda ngakhale mzere umodzi wolemba pamanja.

Kuwauza zoona ndinkalephera. Ndikati ndiyambe, agogo ankandigwira dzanja n'kufunsa ngati ndege zimanyamuka mvula ikamagwa. Ndinkanama kuti mapepala akuchedwa. Za mapepala ochedwa ndinkazidziwa bwino inenso, choncho bodza lake linkatuluka losalala. Bamboyo ndinkadana naye, koma ndinkadzida ndekha koposa, ndipo shifiti iliyonse mtima unkayamba kulemera ndisanatsike n'komwe basi.

Nyengo yozizira yachiwiri miyendo inawakana, moti chikwama ankangochiloza kuti ndiwaikire pafupi ndi bedi. Tsiku lina ndikuwadyetsa phala anakankha supuni, nandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana iwe, umulemberenso kalata," anatero. "Mwina akuopa kuti ndikamuvutitsa. Umuuze kuti sindidya zambiri."