Lilime la Mabawuti

Kusitolo ya zitsulo ankangomutchula kuti Mabawuti, ndipo dzinalo linamukakamira ngati nkhupakupa. Zaka makumi awiri ndi ziwiri anakhala pakampando kuseri kwa kauntala, kusankha mabawuti ndi misomali, zazikulu m'chitini ichi, zazing'ono m'chitini icho, ndi dzanja lamanzere lokha, poti lamanja linali ndi maganizo akeake. Pobadwa anachedwa kulira, ubongo unavulala, basi miyendo n'kupindika, khosi n'kumagwedezeka, lilime n'kulemera. Koma nzeru? Ha! Ukafuna bawuti ya wilibala, ankakulozera chitini chake usanamalize n'kufunsa komwe.

Vuto linali pakamwa. Mawu ake ankatuluka ophwanyikaphwanyika, ndipo padziko lonse lapansi amene ankawamva anali munthu mmodzi yekha, mayi ake. Ngakhale mlongo wake wobadwa naye bere limodzi ankangoti, "Amayi, akuti chiyani achimwenewa?" Madzulo akaweruka ankawakhuthulira amayi zonse za kusitolo, ndi miseche yomwe, iwo n'kumaseka mpaka kutsokomola.

Chimene sanamuuze aliyense n'chakuti thupi lotere limakalamba mothamanga. Ali ndi zaka 46, chiuno chinkaphwanya ngati cha nkhalamba. Njira ya kuntchito, imene kale ankayenda mphindi makumi awiri, inayamba kumudyera ola lathunthu. Atagwa kachiwiri pakhomo la sitolo, mwini sitoloyo, munthu wabwino ndithu, anamugwira paphewa n'kunena kuti, "Akulu, mwagwira ntchito, kapumeni." Anabwerera kunyumba mtima uli zii.

Chaka chomwecho amayi anayamba kugontha. Poyamba ankanamizira wailesi kuti yawonongeka. Kenako ankangoyang'ana pakamwa pa mwana wawo n'kumalota. Iye akati mwendo ukuwawa, iwo ankabwera ndi madzi akumwa. Ankamwa madziwo, nanga akanatani? Zinkamupweteka kuposa mwendowo.

Mlongo uja ndi mwamuna wake anagwirizana zowatenga amayi kuti azikakhala nawo. Chipinda chotsala chinali chimodzi, cham'mwamba, chokwerera masitepe. Achimwene, awiriwo anati, apite kunyumba yosamalira anthu olumala, ulendo wa maola anayi pabasi. Sanali anthu ankhanza ayi, anali atangotopa. Koma Mabawuti ankadziwa kuti akangosiyana ndi mayi ake, ndiye kuti kucheza kwake padziko pano kwatha.

Lamulo linkafuna kuti mwiniwake avomere. Choncho kunabwera mayi wa ku ofesi yoona za anthu olumala ndi fomu yake, n'kukhala pabalaza, n'kumayankhula mokweza ngati akuphunzitsa mwana wa mkaka.

"Bambo, mwamva zonse eti? Mukuvomera kupita?"

Yankho anali ataliyeserera masiku atatu ali yekha m'bafa. Kaliwu kamodzi, kakafupi: ayi. Anakoka mpweya. Khosi linakungika, nsagwada zinakana, chiyambi cha liwulo chinatsamwa pammero, ndipo kunja kunangotuluka mchira wake wokha, nawonso utapindika: "Eee... eee."

"Akuti ee," anatero mlamu wake, akupumira m'mwamba.

Mabawuti anapukusa mutu. Koma mutu umene umagwedezeka tsiku lonse, angasiyanitse ndani? Anayesanso, thukuta lili kamukamu, mkono n'kuthawa wokha kukamenya tebulo.

"Taonani kukondwa kwakeko," anatero mlongo wake, misozi ili m'maso.

Mayi wa ku ofesi sanali wopupuluma. Anatembenukira kwa amayi n'kukuwa kukhutu kwawo: "Agogo, ndamva kuti inu ndi amene mumawamva bwino. Akuti chiyani?"

Mabawuti anawayang'ana mayi ake, n'kulinenanso liwu lija pang'onopang'ono, ndi mphamvu zonse zimene anali nazo. Iwo anayang'anitsitsa milomo yake nthawi yaitali. Sanamve kanthu, olo kamodzi. Koma chibadwire cha mwanayu anali asanavomerepo pamaso pa mlendo kuti sakumumva, ndipo sakanayamba lero kumuchititsa manyazi. Anamusisita pabondo, n'kumwetulira monyadira.

"Akuti ee, lembani," anatero. "Mwana wanga uyu savuta."