Mtsuko wa amake Phinias

A Luckson anali mlimi wa chimanga ku Mpanshya, munthu wosasamala za nyimbo. M'tchalitchi ankangogwedeza milomo. Koma mwana wawo Phinias ankaimba besi m'kwaya. Mu 1994 Phinias anamwalira ku Lusaka atadwala miyezi yambiri. Anasiya jekete, nsapato, ndi kaseti imodzi imene kwaya inajambula pa Pasaka iye asanapite ku tauni.

Wailesi ya kunyumba inali ndi kasipika konga chivundikiro cha kapu. Akaika kasetiyo ankamveka akazi okha. Amuna a besi ankasowa ngati sanabwere tsikulo.

Basi a Luckson anasanduka munthu wa masipika. Loweruka ankakwera minibasi kupita kumsika wa Rufunsa, kwa a Festus okonza mawailesi, kaseti ili m'thumba la shati. A Festus ankagoneka sipika chagada, kuikapo njere za chimanga, n'kutsegula rumba. Njere zikadumpha, ndiye kuti besi ilimo. A Luckson ankaziyang'ana, kenako n'kutulutsa kaseti yawo.

"Yesani ndi iyi."

"Ba Luckson, tepi imatha," ankatero a Festus. "Mukamaiyesa pa sipika iliyonse mudzatsala ndi mphepo yokha."

Sanamvere. Tsiku lina wailesi inaitafuna. A Festus anadula potafunikapo n'kulumikiza ndi utoto wa zikhadabo, koma ndime yonse ya nyimbo yachiwiri inapita. A Luckson anatola kachidutswako n'kukapinda m'mpango.

Patapita chaka panapezeka sipika yochokera m'lole imene inagubuduzika pamsewu waukulu, yolemera, yopanda bokosi.

"Mukaivundikire pakamwa pa mtsuko," anatero a Festus. "Dothi limasunga mawu apansi."

Mtsuko waukulu pakhomo unali umodzi, wa madzi akumwa. Akazi awo, a Fainess, anakhuthula madziwo pa mtengo wa papaya osafunsa kanthu. A Luckson anamata m'mphepete ndi dongo, kulumikiza mawaya, n'kudina.

Besi inatuluka. Inamveka m'mapazi, m'chifuwa, mpaka lata la denga linanjenjemera. Koma oimba besi anali anayi, ndipo mawu awo anali atalukana. A Luckson anatchera khutu nyimbo zitatu. Zaka zonsezo m'tchalitchi sanamumvetsere mwana wawo ngakhale kamodzi.

"Amake Phinias, ndi uti?"

"Dikirani."

A Fainess anali atagwira mimba ya mtsuko ndi manja awiri. Nyimbo yomaliza inafika pa Ameni, kwaya yonse inaleka, koma liwu limodzi linatsalira pang'ono, lokha.

"Ameneyo. Sankadziwa kulekera limodzi ndi anzake."

Chala cha a Luckson chinapita pa batani lobweza tepi. Chinakhala pamenepo nthawi ndithu, kenako anachichotsa.

Kuyambira pamenepo kasetiyo ankaitsegula pa Pasaka pokha, kamodzi. Madzi akumwa ankasunga m'ndowa, ndipo ankakhala ofunda.