Khoma Limene Anazira ku Nyumba ya a Goma

Ku Chikwa mukangoti nyumba ya malata, adzakulozerani imodzi yokha, ya a Hosea Goma. Bambo ameneyo anakhala zaka zambiri ku migodi akulemba zikwangwani, ndipo pobwerera kumudzi sananyamule wailesi ngati anzake. Ananyamula zitini za penti. Anaumba njerwa, namanga chinyumba cha zipinda zisanu ndi chimodzi, khonde kuzungulira, kenaka n'kuyamba kujambula nkhani za m'Baibulo m'makoma. Koma a Goma analinso ndi kamisala kawo: nkhope sankazitenga m'mabuku a azungu ayi. Petro anali msodzi wa ku Luangwa. Zakeyo kanali kamdala kafupi ka m'mudzi momwemo, ndipo kanakwiya chaka chathunthu.

Mwana wawo wotsiriza ndi a Damaris, amene aliyense amawatchula kuti NyaGoma. Amayi awo anamwalira iwo akuyamwa, chithunzi cha kamera panalibe. Nkhope ya amayiwo anaidziwira pa khoma la chipinda chachikulu, pamene Yesu akudyetsa khamu: chakumapeto, mzimayi wamtali atanyamula lichero la makombo. Pomujambula, penti wa m'zitini anali atatha, ndiye a Goma anasakaniza katondo, makala ndi utomoni. A Damaris ankadziwa kuti nkhope imeneyo siifuna madzi.

Anakwatiwa ku Kambombo, amuna awo n'kumwalira, ndipo mu 1991, bambo awo atatsikira kuli chete, anabwerera kwawo. Alongo awo a ku tauni anabwera ndi nyundo kuti asasule malata. Anabwerera ndi nyundo yawoyo, chifukwa pakamwa pa NyaGoma si posewera napo. Kuyambira pamenepo mzimayiyu analimbana ndi chiswe, mileme ndi kudontha. Anayenda midzi wapansi kutolera zakale za mpingo: chitsulo cha njanji chimene chinali belu loyamba, chikho cha mgonero chosema, njinga ya mlaliki wakale yopanda matayala, mabuku a nyimbo a Chitumbuka odyeka m'mbali. Anthu ankaseka, ati NyaGoma watenga misala ya atate ake. Iwo ankangoyankha kuti inde, nanga akanatenga ya ndani?

Makoma onse anawapukuta ndi nthenga ndi kansanza, zithunzi n'kuwalanso. Koma la khamu lija sanalikhudze. Bambo awo atakalamba ankasonkha moto m'chipindamo miyezi yozizira, ndipo mwaye unaphimba khomalo kuti bii. Wosadziwa akanati palibe kanthu. A Damaris okha, dzuwa la m'mawa likalowa pa zenera, ankatha kuona mphumi ndi maso a amayi awo, ndipo zinkawakwanira.

Katatu konse anapita ku boma kukapempha akuluakulu a mpingo kuti nyumbayo ikhale yosungiramo mbiri ya mpingo. Mu 1996 anavomera kuti adzabwera mu Ogasiti kudzaitsegula. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Kutatsala masiku asanu, kunagwa maliro kuchimuna ku Kambombo, ndipo a Damaris anasiya kiyi kwa a Maggie, mkulu wa amayi a mpingo, nkhalamba imene inkasinjira pamodzi ndi amayi awo kalelo. Anangowapempha kuti azisesa.

Tsono kwathu kuno mlendo salandiridwa m'nyumba yosazira. Amayi a mpingo, amene anabwera kudzathandiza a Maggie, ataona khoma lakuda lija anagwira pakamwa. Abusa a ku boma adzati akazi a ku Chikwa ndi auve! Anakatapa dothi loyera kudambo, nazira khoma lonse, akuimba nyimbo za Mulungu, mitima ili mbee.

A Damaris anafika madzulo a tsiku lachitatu, fumbi m'miyendo. Atalowa m'chipindamo anangoti phee pansi. Sanalire, sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zimene zinaopsa amayi aja kuposa kukalipa. Kenaka anawauza kuti pansi pa dothilo pali nkhope ya amayi awo. A Maggie anati ankayesa kuti chithunzicho chinafa kalekale ndi utsi.

"Manje titani, mwana wanga?"

"Katungeni madzi, amayi. Penti wa atate saopa madzi."

M'mawa mwake anayamba. Ankanyowetsa dothi pang'onopang'ono, n'kulipala ndi supuni ya mtengo. Ndipo taonani zodabwitsa: dothilo linkachoka pamodzi ndi mwaye wa zaka makumi awiri. Nkhope zinayamba kutuluka, zowala ngati zajambulidwa dzulo. Wina anakuwa kuti awo ndi agogo ake. Wina anapeza atate ake atagwira nsomba. Mbiri inamveka, anthu anadzaza khonde, ena akuseka, ena misozi ili chuchuchu.

Kumapeto kwa khoma a Damaris anakusiya komalizira, nauza onse kuti asayandikire. Sanathirepo madzi. Anayesa kutokosa dothi louma ndi nthenga. Lichero linatuluka, manja anatuluka, popeza zimenezo zinali za penti. Koma pamene panali nkhope, katondo anali atagwirana ndi dothi lonyowa lija kuyambira tsiku lozira. Zinagwera limodzi m'dzanja mwawo, fumbi lokhalokha. Apo ndiye analira, kulira kwenikweni kwa mwana wamasiye, mzimayi wa imvi zake.

A Maggie anagwada pambali pawo nthawi yaitali, osapepesa, pakuti pepani sakanakwana. Kenaka anadzuka, nawagwira dzanja, nawaimika atatsamira khomalo, mutu uli pa malo opanda kanthu aja. Anabwerera m'mbuyo, natsinzinira diso lawo lofookalo.

"Imani pomwepo. Ndi mayi wanu yemweyo, Mulungu mboni. Ngakhale kukwinya kumeneko n'kwake."

Nyumbayo inatsegulidwa Lamulungu lotsatira. Mphunzitsi wina wodziwa kujambula anadzipereka kuti abwezeretse nkhopeyo, koma NyaGoma anakana, ati munthu sungajambule amene sunamuone. Alendo akabwera, amawaonetsa belu, chikho, njinga ndi Zakeyo wokwiya uja. Akafika pa khamu amatchula aliyense dzina ndi mudzi wake. Potsiriza amakaima kumapeto kwa khoma, mutu wawo uli pamwamba pa lichero, nati awa ndi amayi anga.